Labu akuti mankhwala amagwira, koma matenda akubwererabe

MayiWaAwiri
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Mlamu wanga wamkazi akuvutika ndi matenda a m'chikhodzodzo, aja omva kuotcha pokodza. Kuchipatala anamuyeza mkodzo, anapeza mabakiteriya a E. coli, ndipo pepala la ku labu linati mankhwala amene anamupatsawo amawapha bwinobwino. Anamwa onse osadumphitsa, n'kuchira. Sipanapite nthawi, zayambiranso. Ayezanso, E. coli yemweyo, pepala likutinso mankhwala omwe aja amagwira. Ine mutu waima. Ngati mankhwalawo amapha tizilomboto, tikuchokera kuti? Kapena a labu amangolemba zam'mutu mwawo?

Kalulu77
Mankhwala achinyengo amenewo mayi. Kapisozi wokongola kunja, m'kati muli choko.

Dzombe
Kapena anasiyira panjira. Anthu akangomvako bwino amaponya mankhwala m'kabati, kenako n'kumati ndinamaliza.

MayiWaAwiri
A Dzombe, timakhala nyumba imodzi, ndinkamuona akumwa.

WaLabu
Mayi, ntchito yanga ndi ya ku labu komweko, ndiye ndiloleni ndiyankhe. Sitilemba zam'mutu. Koma pali zimene kuyeza kwathu kumaona ndi zimene sikuona.

Timatenga mabakiteriya a mumkodzomo n'kuwapaka pa kambale kokhala ndi chakudya chawo. Pamwamba timaikapo timapepala tozungulira tokhala ndi mankhwala osiyanasiyana, kambaleko n'kugona usiku wonse pamalo ofunda ngati thupi la munthu. M'mawa timayang'ana. Ngati kuzungulira kapepala kwatsala bwalo loyera, ndiye kuti mabakiteriya alephera kuswana pamenepo. Timayeza bwalolo, likakwana mamilimita ofunika timalemba kuti mankhwalawo amagwira.

Ndiye kambaleko kamangotiuza ngati mabakiteriya angaswane mankhwala ali pomwepo. Sikatiuza ngati afa onse. Komanso a pa kambale amakhala okhuta, akuswana mothamanga, pamene ambiri a m'thupi ali pa njala.

Pali magulu awiri amene anthu amawasokoneza. Alipo osamva mankhwala, amene amaswana mankhwala ali m'magazi, chifukwa amawaphwanya, amawapopera kunja, kapena asintha pamalo pamene mankhwalawo amagwira. Amenewa timawapeza pa kambale. Ndiye alipo ena amene mankhwala amawamva ndithu, koma amangoima, osakula, osaswana, mpaka mankhwala athe m'thupi. Amenewa pepala lathu silingawaonetse, chifukwa akadzuka n'kuswana, ana awo amafa ndi mankhwala omwewo ngati ena onse.

MphunzitsiWaBio
Zimene akunena a WaLabu zinaoneka kalekale. Penicillin atangoyamba kumene, Gladys Hobby ku New York anaona mu 1942 kuti amapha makamaka mabakiteriya amene akuswana. Kenako mu 1944 dokotala wa ku Ireland, Joseph Bigger, anathira penicillin pa Staphylococcus, aja oyambitsa zithupsa ndi mafinya. Pafupifupi onse ankafa, koma nthawi zonse pankatsala ochepa kwambiri. Akawatenga otsalawo n'kuwapatsa chakudya chopanda mankhwala, ankaswana. Akathiranso penicillin, ankafanso chimodzimodzi, n'kutsalanso ochepa. Iye ndi amene anawatcha ma persister, kutanthauza opirira, aja ongogona mpaka mankhwala athe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Bakiteriya ali ndi khoma lolimba lomukuta, ndipo akamakula amalitsegula pang'onopang'ono n'kumalumikizapo zidutswa zatsopano. Penicillin amaletsa kulumikizako, khoma limafooka, bakiteriya n'kuphulika. Amene sakumanga khoma, penicillin alibe pomugwira. Zili ngati moto wolusa kutchire: zoyenda pamtunda zimapsa, mbewa imene ili mu una imatsala. Sikuti mbewayo siingapse, ndipo ana ake akadzapezeka pamtunda moto wina ukudutsa adzapsa ndithu.

Kalulu77
Mwalemba zambiri koma zanga simunatsutse. Mankhwala achinyengo alipo kapena palibe?

NesiWausiku
Alipo a Kalulu, musapse mtima. WHO inanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi pa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osakwana mphamvu. Koma mayiwa akuti wodwalayo anayamba wachira.

Ine ndisiyana pang'ono ndi aphunzitsi. Pa matenda a mkodzo a amayi, kawirikawiri si tizilombo togona ayi. E. coli kwawo ndi m'matumbo, aliyense ali naye. Njira ya mkodzo ya mkazi ndi yaifupi komanso ili pafupi ndi kotulukira chimbudzi, ndiye a m'chikhodzodzo akafa, abale awo a m'matumbo amalowanso. Pa pepala adzaoneka yemweyo chifukwa ndi mtundu umodzi. Zina zimene zimabwezabweza matendawa ndi shuga, timiyala ta mu impso, mkodzo wotsalira m'chikhodzodzo, ndi kusintha kwa thupi mayi akasiya kusamba. Abwerere kwa dokotala ndi mapepala onse awiri, anene momveka kuti zikubwerera, asangolandiranso makapisozi n'kumapita.

WaLabu
Anesi akunena zoona, ndipo pa kambale sitingasiyanitse ziwirizi. Ndingowonjezera kuti gulu la Scott Hultgren ku St. Louis linaonetsa pa mbewa za mu labu kuti E. coli amatha kulowa m'kati mwa maselo a khoma la chikhodzodzo n'kukhala phee kwa milungu yambiri, kumene mankhwala ambiri safika bwino. Njira zonse ziwiri n'zotheka.

Gologolo
Chondizunguza ine ndi ichi. Kanthu kopanda ubongo kadziwa bwanji kuti kunja kwaopsa, ndigone?

MphunzitsiWaBio
A Gologolo mwafunsa funso lenileni. Pali njira ziwiri zikuluzikulu.

Yoyamba ndi belu la njala. M'kati mwa bakiteriya muli timakina topanga mapuloteni, totchedwa ma ribosome. Zipangizo zikatha, kamakinako kamaima, ndipo puloteni ina yotchedwa RelA imazindikira kuimako n'kuyamba kupanga kachinthu kotchedwa ppGpp. Michael Cashel ndi Jonathan Gallant ndi amene anakaona koyamba mu 1969, kali kadontho kachilendo pa filimu pamene ankayeza E. coli wanjala. Kachinthu kameneka kakachuluka, bakiteriya amasiya kupanga timakina tatsopano, amachepetsa kukula, mphamvu yake yonse n'kupita pa kudziteteza. Tsopano ganizirani pakati pa chithupsa: chakudya chochepa, mpweya wochepa, asilikali a thupi akuthira asidi. Mabakiteriya ambiri mmenemo amakhala atachepetsa kale liwiro mankhwala asanafike n'komwe. Sakuthawa mankhwala, akuthawa njala, koma zotsatira zake n'zakuti mankhwala amawapeza atatseka ntchito zonse zimene mankhwalawo amayenera kusokoneza.

Yachiwiri ndiye imandisangalatsa. Ena amagona popanda chifukwa chilichonse chooneka. Mu 2004 Nathalie Balaban ndi anzake anaika E. coli m'timizere topapatiza pansi pa maikulosikopu n'kumawajambula akuswana. Kenako anathira ampicillin. Atabwereza zithunzi, anapeza kuti opulumuka aja anali ataima kale mankhwala asanabwere, anzawo onse akuswana. DNA yawo inali imodzimodzi ndi ya akufawo. Ndiye kuti m'gulu lililonse muli ochepa amene amangokhala chigonere, zinthu zili bwinobwino. Pa masiku abwino amatsalira, pa tsiku la tsoka ndi amene amatsala.

Kagonedwe kameneka kalinso ndi zowongolera zake mu DNA. Harris Moyed ndi Kevin Bertrand anapeza mu 1983 kachigawo kotchedwa hipA. Kamapanga poizoni woimitsa bakiteriya mwini wakeyo, ndipo pambali pake pali kena kopanga chofooketsa poizoniyo. Ka hipA kakasintha pang'ono, ogona amachuluka kwambiri, kufika pafupifupi mmodzi pa 100 alionse, pamene mwa masiku onse amakhala mmodzi mwa masauzande ambirimbiri.

Chimbalangondo
Aphunzitsi, kodi pamapeto pali mayeso? Mwatithera data.

Gologolo
Inu mumathera data pa mavidiyo a mpira palibe amakufunsani. Pitirizani aphunzitsi.

Chimbalangondo
Mpira sunandipatsepo RelA ine.

WoyangAniraGulu
Amene zamutalikira angodutsa. Komanso chonde, pasakhale wotchula mankhwala oti wina akagule yekha. Zimenezo tidzafufuta.

Wopulumuka
Nkhaniyi yandikumbutsa TB. Ine ndinadwalapo. Chifuwa chinasiya msanga, thukuta la usiku linatha, thupi linabwerera, koma anati ndimwebe mpaka miyezi 6 ikwane. Mkodzo wofiirira, ngakhale misozi ndi thukuta zinkasintha mtundu chifukwa cha rifampicin, m'mimba monyansa m'mawa uliwonse. Ndinkadzifunsa kuti ndikupha chiyani poti ndachira? Palibe anandifotokozera, ankangoti lamulo ndi limenelo.

NesiWausiku
Pepani akulu, bwenzi atakufotokozerani, chifukwa TB ndiye katswiri wa zimene tikukambazi. E. coli zinthu zikamuyendera amagawikana pa mphindi 20 zilizonse. Wa TB amatenga maola 15 mpaka 20, ndipo ali ndi khungu la mafuta ngati phula lovuta kulowa mankhwala. Amakhala m'kati mwa maselo omwe a chitetezo amene anamumeza, ndi m'timabala ta m'mapapo mmene muli mafinya ouma ndi mpweya wochepa.

N'chifukwa chake mankhwala amakhala anayi miyezi iwiri yoyambirira. Isoniazid amapha msanga amene akuswana, ndiye munthu amamva bwino m'milungu yochepa. Ethambutol amathandiza kuti pasatuluke osamva mankhwala. Rifampicin ndi pyrazinamide ndi amene amasaka ochedwa ndi ogona aja. Pyrazinamide ndi wodabwitsa, pa kambale wamba saoneka wamphamvu, koma amagwira pamalo a asidi pamene tizilombo tangokhala duu. Atamuwonjezera, chithandizo chinatsika kuchoka pa miyezi 9 kufika pa 6. Miyezi inayi yomaliza ija, imene munkaona ngati mukumwa pachabe, ndi imene inkapha otsalawo mmodzimmodzi akamadzuka.

Ndipo WHO imati pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko anatengapo kachilombo ka TB. Ambiri sadwala n'komwe, koma chitetezo chikatsika, ena kamawadzukira patapita zaka.

Dzombe
Mwaona? Ndinanena poyamba paja. Nkhani ndi kumaliza mankhwala basi.

Kadzidzi
A Dzombe, pa TB muli pa mzere, koma musaphatikize matenda onse. Mu 2017 madokotala ena a ku Britain analemba mu magazini ya zachipatala ya BMJ kuti uthenga woti malizani mankhwala nthawi zonse kuti tizilombo tisapime mphamvu ulibe umboni wokwanira pa matenda ambiri wamba. Mfundo yawo inali yakuti tsiku lililonse lowonjezera, mankhwala amakanthanso mabakiteriya osalakwa a m'matumbo ndi pakhungu, n'kusiya malo kwa osamva mankhwala. Kumwa nthawi yaitali kuposa yofunika nakonso n'koononga.

Dzombe
Ndiye mukuti aliyense azisiya akafuna? Muphetsa anthu inu.

Kadzidzi
Sindinatero. Werenganinso.

NesiWausiku
Nonse muli ndi mbali. Masiku ofunika amasiyana malinga ndi matenda ndi mankhwala, ndipo amapezeka poyesa pa odwala ambiri, osati pongomva thupi. Matenda wamba a chikhodzodzo kwa mayi wosayembekezera amatha ndi masiku 3 kapena 5, ena ndi kumwa kamodzi kokha. Matenda a m'fupa kapena a m'mavavu a mtima amafuna milungu ingapo, chifukwa ndi kumene ogona ndi obisala amachuluka. Zimene a Kadzidzi akunena ndi zoti madokotala azilemba masiku ochepa pamene umboni ulipo. Wodwala asadzidulire yekha, ndipo wa TB asayerekeze n'komwe.

WaMano
Palibe watchulapo za utoto woterera uja. Ine ndimagwira ntchito ya mano. Mukadzuka m'mawa, yendetsani lilime pa mano, mumva ngati pali kankhungu koterera. Amenewo ndi mabakiteriya omatirira pamodzi m'phala limene adzipangira okha, akatswiri amati biofilm. Apamwamba amadya bwino, apansi pake ali pa njala ndi pa mpweya wochepa, ndiye ambiri ndi ogona. Munthu akabwera ndi dzino lotupa mafinya atamwa kale makapisozi kambirimbiri, timamuuza kuti mankhwala okha sathetsa, pafunika kutsegula kapena kuzula. Ambiri amakwiya, amati tikufuna dzino lawo.

NesiWausiku
Eetu. Kwa ife ndi timachubu ta mkodzo ndi ta m'mitsempha. Kachubu kakakhalitsa, mukakadula mumapeza m'kati mwachita utoto wotuwa. Mungathire mankhwala amphamvu bwanji, malungo amatsika, mukasiya amakweranso, mpaka kachubuko kachotsedwe. Chithupsa chachikulu nachonso chimafuna kuboola. Bill Costerton ndi amene analimbikira kuyambira cha m'ma 1970 kuti mabakiteriya ambiri m'chilengedwe amakhala omatirira chonchi, osati oyandama okhaokha ngati a mu botolo la labu.

Gologolo
Nanga sanitaiza uja timapaka m'manja, amapha ogonawo?

WaLabu
Mowa wa mu sanitaiza suyembekezera kuti bakiteriya akhale akukula, umangoononga khungu lake ndi mapuloteni ake, ndiye ogona wamba amafa. Amene umawalephera ndi a gulu lina, opanga timbewu tolimba totchedwa ma spore. Bacillus ndi Clostridium zinthu zikavuta amakulunga DNA yawo m'zikopa zingapo, amachotsamo madzi, n'kuuma gwa. Wa kafumbata amakhala m'dothi mwa njira imeneyi. Clostridioides difficile, amene amatsegula m'mimba anthu omwe amwa maantibayotiki nthawi yaitali, timbewu take sitifa ndi sanitaiza, mpofunika sopo ndi madzi kuti tikokoloke. Kuwiritsa wamba nakonso sikutitha tonse, n'chifukwa chake zida za opaleshoni timaziphika ndi nthunzi yopanikizika pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15.

Kuti muone kulimba kwake, mu 1942 asilikali a Britain anayesa mabomba a timbewu ta Bacillus woyambitsa matenda a anthrax pa kachilumba ka Gruinard ku Scotland. Timbewuto tinakhalabe ndi moyo m'dothi zaka zoposa 40. Anachita kuthira formaldehyde wosakaniza ndi madzi a m'nyanja mu 1986, ndipo analengeza kuti n'kotetezeka mu 1990.

Chimbalangondo
Apa ndiye mwandigwira mtima. Za mabomba muzilemba zambiri.

Kadzidzi
Tibwerere kwa ogona aja. Ngati ana awo amafabe ndi mankhwala omwewo, vuto lili pati? Ungomwanso basi.

MphunzitsiWaBio
Vuto lilipo, ndipo ndi pamene magulu awiri a WaLabu aja amakumana. Gulu la Balaban ku Jerusalem linachita kafukufuku wosavuta kumva. Ankathira ampicillin pa E. coli kwa maola angapo, n'kumuchotsa, otsalawo n'kuswana, n'kubwerezanso tsiku lotsatira. Mu 2014 anaonetsa kuti patapita maulendo angapo mabakiteriya anasintha DNA n'kuyamba kuchedwa kudzuka, ndipo kuchedwako kunkafanana ndi maola amene mankhwala ankakhalapo. Amene ankathiridwa maola ochepa ankagona pang'ono, amene ankathiridwa maola ambiri ankagona nthawi yaitali. Pa kambale ka a WaLabu onsewa akanalembedwa kuti mankhwala amagwira.

Mu 2017 anaonetsa chotsatira chake: magulu amene anayamba aphunzira kupirira ndi amene anafulumira kukhala osamva mankhwala kotheratu. Chifukwa chake n'chakuti kusintha kwa DNA kobweretsa kusamva kumachitika mwa apo ndi apo, ndipo wosinthayo amafunika apulumuke kaye kuti aswane. Opulumuka akachuluka ulendo uliwonse, mwayi wake umakula.

Palinso china. Mankhwala ngati ciprofloxacin amadula DNA ya bakiteriya. Amene sanafe amayatsa njira yokonzera mwadzidzidzi yotchedwa SOS, ndipo ena mwa mapuloteni okonzawo amagwira ntchito mophonyaphonya. Zophonyazo zambiri n'zopanda phindu, koma zina zimagwera pamalo pamene mankhwala amagwira. Ndiye mankhwala ochepa mphamvu, osapha koma ongovulaza, amatha kufulumizitsa kusinthako. Apa a Kalulu mfundo yanu ya mankhwala osakwana ikulowa bwino.

Kalulu77
Zikomo pondivomera. Koma ine ndimaonabe kuti tizilombo tosamva mankhwalati anatipanga ndi makampani kuti tizigula mankhwala atsopano.

WaLabu
Apo ndiye ayi. Edward Abraham ndi Ernst Chain anapeza puloteni ya bakiteriya yophwanya penicillin mu 1940, penicillin asanayambe kugulitsidwa n'komwe. Mu 2011 akatswiri a ku Canada anapeza zigawo za DNA zolimbana ndi maantibayotiki m'dothi loundana la ku Yukon la zaka 30,000. Maantibayotiki ambiri tinawatenga ku nkhungu ndi mabakiteriya a m'dothi, amene akhala akulimbana okhaokha kuyambira kalekale, ndiye zodzitetezera zinalipo kale. Ife tangozichulukitsa. Alexander Fleming mwini wake anachenjeza mu 1945 polandira mphoto ya Nobel kuti kumwa penicillin wosakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kusamva. Komanso makampani akuluakulu ambiri anasiya kufufuza maantibayotiki atsopano chifukwa phindu lake n'lochepa, munthu amamwa masiku owerengeka n'kusiya.

Kadzidzi
Ndipo si anthu okha akumwa. Ziweto zimadya maantibayotiki ambirimbiri. Kachigawo ka mcr-1, kolimbana ndi colistin amene madokotala amasungira pomaliza, kanapezeka mu 2015 ku China mu E. coli wa nkhumba, ndipo kali pa kamkombero ka DNA kamene mabakiteriya amapatsirana ngakhale a mitundu yosiyana. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2022 anati mu 2019 mokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala.

Wopulumuka
Nanga palibe mankhwala opha ogonawo ali m'tulo momwemo, m'malo modikira miyezi?

MphunzitsiWaBio
Akufufuza. Bigger yemwe uja anaganiza zopereka penicillin modukizadukiza, kuti ogona adzuke kenako akanthidwe. Gulu la Kim Lewis ku Boston linaonetsa mu 2013 kuti mankhwala otchedwa ADEP4 amachititsa bakiteriya kugaya mapuloteni ake omwe ngakhale ali chigonere, ndipo ataphatikiza ndi rifampicin anathetsa Staphylococcus wokhazikika mu mbewa. Gulu la James Collins linaonetsa mu 2011 kuti shuga wina wotchedwa mannitol amayatsa mphamvu ya pakhungu la E. coli wogona mokwanira kuti akoke gentamicin n'kulowa m'kati, n'kufa asanadzuke n'komwe.

Chimbalangondo
Ndiye tizimwera makapisozi ndi shuga wambiri?

NesiWausiku
A Chimbalangondo, musayambitse zimenezo pano, mawa tidzamva anthu akutumizirana. Anayesa pa mbewa, mannitol si shuga wa patebulo, ndipo gentamicin ndi jakisoni amene akachuluka amaononga impso ndi makutu. Mu kafukufuku yemweyo njirayi sinathandize ampicillin kapena mankhwala a gulu la ciprofloxacin, inagwira pa gulu la gentamicin lokha.